Phirili ndi lathu, tiyeni tizikwera

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni, lero ndabwera ndi mfundo imodzi yokha. Chaka chilichonse m'nyengo yachisanu, chimanga chikalowa m'nkhokwe, mudzi uliwonse wa m'tsinde mwa mapiri a Dowa ndi Ntchisi uzipatula tsiku limodzi lokwera phiri, ndipo ana tiziwatenga. Ndikudziwa ena mwaseka kale. Mukuti kukwera phiri ndi masewera a anthu okhuta, munthu wa khasu miyendo imakhala itatopa kale. Dikirani ndimalize, mukatero munditsutse.

Ambirife tinabadwira pansi pa mapiriwa koma pamwamba pake sitinapondepo. Phiri timalidziwa kulekeza pomwe pali nkhuni, bowa ndi udzu wofolera basi. Chonsecho anthu amachoka ku Ulaya kudzagona pa Ntchisi Forest Lodge, nyumba yomwe inamangidwa mu 1914 kuti bwana DC wachizungu azipumulirako, n'cholinga choti adzayende m'nkhalango yomwe ife timangoiyang'ana tili pakhonde. Kodi mwini phiri ndani? M'zaka za m'ma 1800 makolo athu Achewa ankabisala m'nkhalango yomweyi pothawa nkhondo za Angoni. Boma linadzaika nkhalangoyi pansi pa chitetezo mu 1924, koma eni ake anali atailemekeza kalekale. Ife adzukulu awo ndiye tasanduka alendo.

Nthawi yabwino ndi June ndi July. Mvula imakhala itasiya, dzuwa silipweteka, ndipo kumwamba kumakhala kuli mbee. Mukachedwa mpaka September, utsi wa moto wolusa umaphimba dziko lonse, mungokwera pachabe osaona kanthu.

Sindikunamizani kuti ulendo wake ndi wa ukwati ayi. July wathayu tinakwera phiri la Ntchisi anthu asanu ndi atatu, akulu asanu ndi ana atatu. Tinanyamuka kusanache, zala zitachita dzanzi ndi mphepo. Mame a m'udzu anatinyowetsa mpaka m'chiuno. Tisanafike patali mphwanga anakhudza chitedze, ndiye mukudziwa mmene chimayabwira chikauma, mwana anavina gule wopanda ng'oma. Alamu anga patapata wawo anaduka potsetsereka pena, tinachita kumanga ndi luzi. Titalowa m'nkhalango yowirira ija nkhungu inatsika, munthu wa patsogolo pako osamuona, ndipo tinazungulira pafupifupi ola lathunthu chifukwa tinjira ta otola nkhuni timafanana tonse. Pomwe timati tikhale pansi tidye mbatata, linthumbu linatikwera m'miyendo, aliyense kudumpha payekha. Amayi ena anayamba kunena kuti tibwerere. Koma walira mvula walira matope, tinapitirira.

Dzuwa litafika pamutu nkhungu ija inayamba kung'ambika. Tinali titaima pathanthwe loyang'ana kum'mawa, paphiri lotalika kuposa mamita 1,600. Abale inu! Nyanja yonse inali pansi pathu, mbali ya ku Nkhotakota, Chia akunyezimira ngati lata latsopano, ndipo kutsidya kukuoneka mapiri a ku Mozambique. Ana aja anakhala duu. Mmodzi anafunsa ngati madzi amenewo ndi omwe aphunzitsi amajambula pabolodi. Wazaka 12, koma nyanja anali asanaionepo, pomwe ili kuseri kwa phiri lakwawo.

Komatu kukongola kokha sikungandilembetse zonsezi. Chimene chinandigwira mtima ngati mlimi ndi china. Ukakhala pamwamba, dziko limaoneka lonse pamodzi, ndipo silinama. Pothera nkhalango pamaoneka ngati pochekedwa ndi mpeni: uku kobiriwira, uku kofiira. Kofiirako ndiye kuli zigwembe zotsika ngati zipsera, minda yokwera mpaka pomwe mbuzi yokha ingaime, mizere ina yolunjika kumunsi m'malo mopingasa, ndi timautsi ta mauvuni a makala. Ukatsatira ndi maso timitsinje tochokera m'nkhalango, m'mbali mwake muli madimba obiriwira. Ukatsatira tochokera m'mapiri ometedwa, ndi mchenga wokhawokha. Palibe mlangizi amene anatiuza. Ana omwe anaziona okha.

Chinsinsi chake tinachiona m'nkhungu muja. Tinkanyowa ngati kukugwa mvula pomwe kunalibe mvula. Mitengo ikuluikulu ija imakola nkhungu, madzi n'kumadontha kuchokera m'masamba. Pansi pali masamba owolerana ochindikala, amasunga madziwo ndi kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka October. Tomato wanu wa kudimba amamwa madzi amenewo. Mitengo ikachoka, mvula imangomenya nthaka n'kuthamanga tsiku limodzi, kutenga dothi pamodzi ndi feteleza yemwe mwagula movutikira, kukazitaya kwa anzathu a kunyanja.

Wina anena kuti: achimwene, munthu wanjala sadya kukongola kwa phiri. N'zoona. Wootcha makala sindimutukwana, nthawi zambiri amakhala akusaka fizi ya mwana kapena thumba la chimanga. Ifenso alimi a fodya timadula mitengo ya zigafa chaka ndi chaka. Ndipo inu abale a ku Area 25 ndi ku Kawale musadzichotsemo, thumba la makala lomwe lili kukhitchini kwanulo silinamere pa phula. Tonse tilimo. Lamulo la zankhalango la mu 1997 lilipo, analikhwimitsanso mu 2020, koma lamulo limaopedwa pomwe mlonda ali pafupi. Akachoka, nkhwangwa imayambiranso. Chimene munthu waona ndi maso ake ndiye chimayenda naye mpaka kumunda. Mwana amene waona komwe mtsinje wakwawo umayambira, sangayatse tchire lonse chifukwa cha mbewa zisanu osaganiza kawiri. M'mera mpoyamba.

Winanso ati nthawi palibe, tikupukusa chimanga, tikuthirira kudimba. Tsiku limodzi pa chaka, abale? Kumpira wa Lamlungu timapita, pabawo timaswera. Nthawi ilipo, kungoti phiri sitinaliwerengere.

Inu a ku Dowa simukusowa kubwera kuno. Phiri la Kongwe lilipo, mapiri a kufupi ndi kuboma alipo, ngakhale kaphiri ka kuseri kwa mudzi wanu kakukwanira. Chachikulu n'kuima pomwe mungaone minda yanu yonse nthawi imodzi.

Amene mwamva, konzekani chonchi. Uzani amfumu, ndipo ngati ndi nkhalango ya boma kambiranani kaye ndi a zankhalango. Tengani munthu wodziwa njira, safunsa anadya phula. Valani nsapato zotseka ndi juzi, ana muwafunditse bwino chifukwa pamwamba mphepo yake ndi ina. Nyamulani madzi, mbatata yophika ndi mtedza. Machesi, nkhwangwa ndi agalu zitsale kunyumba. Nkhungu ikatsika imani pamodzi, musabalalike. Yambani kutsika dzuwa likadali pamwamba, masiku achisanu sachedwa kuda.

Mukatsika, ulendo usathere pa nthano za chitedze. Khalani pansi ndi amfumu, mutchule malo omwe mwawaona kuti avulala: chigwembe chakuti, gwero la mtsinje wakuti. Pamene pali zitsa zophukira, zitengulireni n'kuziteteza ku moto ndi mbuzi, mitengo yachilengedwe imabwerera yokha ikasiyidwa. Pamene pafera ndithu, nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April, ndipo nazale yake iyambe kukonzedwa msanga mvula isanagwe.

Inu a m'tauni, sukulu zikatsekera mukabwera kudzatenga ufa, bwerani ndi ana, mugone masiku awiri, tikwere limodzi. Pobwerera musiye ya machubu a mbande. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la tonsefe, a kumtunda ndi a kunyanja, ndi phiri limeneli.