Chitsulo chikhale cha kaunjika, labala akhale watsopano

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo, ndinkatsika kuchokera ku Namwera kubwerera ku Mangochi Boma. Kagalimoto kanga ka Starlet yakale, mtundu uja a Toyota anasiya kupanga mu 1999, kanali katadzaza: mayi anga aang'ono kutsogolo, ana awiri kumbuyo, matumba awiri a chimanga kubuti. Titakhota makona angapo a ku Chowe ndinamva fungo la chinthu chopserera. Nditaponda buleki, phazi linangolowa ngati ndaponda m'matope. Ndinabweza giya mpaka yachiwiri, uku ndikupopa buleki, mpaka tinaima m'mbali mwa msewu. Kumatayala akutsogolo kunkafuka utsi. Mayi anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwananga, Mulungu watikonda lero."

Aliyense woyendetsa galimoto kuno kunyanja amadziwa kuti njira zathu zina zolowera m'chigwa chino n'zamtsetse. Wochokera ku Chiponde ndi Namwera amatsika pa M3 asanafike pa mlatho wa Bakili Muluzi. Wochokera ku Dedza wopita ku Monkey Bay amatsika Khwekhwerere asanafike pa Golomoti. Pamitsetse yotere ntchito yaikulu imagwa pa mabuleki akutsogolo, chifukwa ukaponda buleki kulemera kwa galimoto kumathamangira kumphuno. Mapadi akamafinya disiki, liwiro limasanduka moto. Disiki ikakhala yopyapyala, motowo umasowa kolowera, mapadi amayamba kuterereka, ndipo mafuta a mabuleki amawira. Mafutawo akawira mumalowa thovu, ndipo thovu silikankha chitsulo. N'zimene zinandichitikira.

Makanika wanga, bambo wachikulire amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango, atachotsa tayala anandiitana. "Achimwene, taonani nokha. Disiki iyi yatha ngati lumo." Anandiuza kuti magalimoto ena a banja lomweli, a injini yamphamvu, anabwera ndi madisiki okhuthala okhala ndi mipata pakati yopitamo mphepo, ndipo amazizira msanga. Zatsopano za mtunduwo sindikanazikwanitsa. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya yakhala ikuthawa matumba athu. Tinagwirizana zofunafuna za kaunjika, zochotsedwa pa galimoto imene inagundidwa kumbuyo koma kutsogolo kuli bwinobwino. Tinazipeza ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre.

Pali anthu amene amanyoza masipeya a kaunjika ngati ndi chizindikiro cha kusasamala. Ine sindigwirizana nawo. Magalimoto ambiri amene akunyamula anthu pakati pa Liwonde, Mangochi ndi Monkey Bay anafika m'dziko muno atayenda kale ku Japan kapena ku South Africa. Kalipa (chida chofinyira mapadi pa disiki) yopangidwa kufakitale ya galimotoyo, ngakhale yagwirapo ntchito, nthawi zambiri imaposa yatsopano yonyezimira yosadziwika kumene yachokera. Chimene chimapha anthu ndi kusasiyanitsa zoyenera kugula zakale ndi zosayenera.

Lamulo limene ndinaphunzira pansi pa mango paja ndi ili: chitsulo chikhoza kukhala chakale, koma labala, mapadi ndi mafuta zikhale zatsopano. Kalipa ndi chitsulo choigwirizira tinagula zakale. Koma makanika anaimasula yonse, n'kutulutsa pisitoni, n'kuiyang'ana padzuwa ngati ili ndi dzimbiri kapena timaenje. Timalabala tonse ta mkati anataya n'kuikamo tatsopano. Mapaipi a labala opita kumatayala anasintha, chifukwa paipi yokalamba imang'aluka kunja kapena kufufuma mkati pomwe diso silifika. Madisiki sanawakhulupirire ndi maso. M'mphepete mwa disiki opanga amadindapo nambala yosonyeza kupyapyala kumene siyenera kupitirira, ndipo iye anayeza ndi chipangizo chake asanandilole kulipira. Disiki yoperewera pa nambalayo, kapena yokhala ndi mng'alu ngakhale waung'ono ngati tsitsi, ndi ya wogula zitsulo zakutha basi.

Za mafuta a mabuleki ndiimepo pang'ono, chifukwa ambiri timangothiramo ena akachepa, osawasintha ngakhale zaka zisanu. Mafutawa amayamwa chinyezi. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa madigiri 140. A DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsika mpaka 155. Kusiyana kumeneko n'kumene kumaoneka pa kona yachisanu ya mtsetse, galimoto itadzaza. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati tiziwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo botolo likhale lomata, osati lothiriridwa pamsika.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna mabuleki aakulu avomerenso zotsatira zake. Madisiki aakulu mwina sangalowe m'marimu a mainchesi 13, ndiye pafunika a 14. Kalipa ya pisitoni yaikulu imafuna mafuta ambiri, ndipo ngati master cylinder, pampu yokankha mafutawo, ndi yaing'ono, phazi limalowa kutali buleki isanagwire. Kutsogolo kukagwira mopitirira muyeso pomwe kumbuyo kuli kofooka, matayala akutsogolo amauma msanga pamchenga wa njira ya ku Makanjira, chiwongolero n'kusiya kumvera. Choncho mabuleki akumbuyo nawonso awonedwe. Ndipo chilichonse chisinthidwe mbali zonse ziwiri. Kalipa yaikulu kumanja, yaing'ono kumanzere, ndiye kuti galimoto idzakokera mbali imodzi tsiku limene mwana adzadumphire mumsewu. Mabawuti alowe m'mabowo ake enieni. Makanika akangotchula zoboola, zowotcherera kapena zosema kalipa kuti ikwane, tengani galimoto yanu muzipita.

Titamaliza kumanga ndi kutulutsa mpweya wonse m'mapaipi, sitinathamangire kuphiri. Tinayesa pamsewu wathyathyathya wopanda anthu, kuima pang'onopang'ono kambirimbiri kuti mapadi akhazikike pa disiki, kenako n'kuyang'ananso ngati pali podontha. Patatha sabata ndi pamene ndinatsikanso ku Chowe, ndipo phazi linapeza buleki yolimba kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Komabe mabuleki abwino sachiza dalaivala wa chibwana. Chifukwa cha kudula kwa petulo, pali chizolowezi choika galimoto pa free potsika mtsetse, ena mpaka kuzimitsa injini. Injini ikazima, chipangizo chothandiza phazi kukankha buleki chimatha mphamvu mukangoponda kangapo, ndipo buleki imauma gwa. Giya yotsika ndi imene imagwira galimoto paphiri, buleki imangothandizira. Sienta yopangidwira anthu asanu ndi awiri ikanyamula khumi ndi awiri, kuphatikiza madengu a usipa, palibe disiki imene ingapirire. Pepala la COF, lotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, silinena za lero.

Inu eni magalimoto, pitani nokha kugaraja tayala likamachotsedwa, muone ndi maso anu, mufunse nambala ya pa disiki. Safunsa anadya phula. Inu amakanika athu, musaope kubweza sipeya yoipa ngakhale mwini wake akudandaula za ndalama, pakuti mawu anu ndi amene ali pakati pa banja lake ndi phompho. Ndipo inu apaulendo, mukamva fungo lopserera potsika phiri, muuzeni dalaivala aime mabuleki azizire. Kufika ku Boma mochedwa ndi theka la ola kuli bwino kusiyana n'kusafikako.