Ulendo wa ndege wa ku Blantyre umayambira pa Kanengo

Tikiti ya ndege yochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre imalonjeza zokoma: kunyamuka, kumwa kapu ya madzi, kenako n'kutera ola lisanakwane. Ndipo sinama. Pakati pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi la Chileka pali makilomita pafupifupi 250 ukayeza molunjika, mtunda umene ndege imaudula m'mphindi 40 kapena 50. Koma tikitiyo siwerengera msewu wa ku Lumbadzi, sidziwa za mathiraki a pa Kanengo, ndipo mdipiti wa magalimoto pa Chirimba ilibe nawo ntchito. Wofuna kupindula ndi ndegeyi ayenera kuwerenga nthawi kuyambira pakhomo pake mpaka pakhomo la ofesi imene akupitayo.

Mizinda iwiriyi inagawana ntchito kalekale. Likulu la dziko litachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, maunduna anakakhazikika ku Capital Hill, akazembe ndi mabungwe akunja n'kutsatira. Koma zambiri zamalonda zinatsala ku Blantyre: msika wa masheya, malikulu a mabanki ambiri akuluakulu, Msonkho House ya MRA. Khoti la Supreme lili ku Chichiri, ndipo odwala ofuna madokotala a ukatswiri wapadera amatumizidwabe kuchipatala cha Gulupu. N'chifukwa chake sabata iliyonse pamakhala loya wa ku Lilongwe amene mlandu wake uli ku Blantyre, ndiponso mkulu wa kampani ya ku Limbe amene akufunidwa kuunduna m'mawa wa Lachiwiri.

Munthu wokhala ku Area 47 tingamutengere chitsanzo. Bwalo la Kamuzu, limene linayamba kugwira ntchito mu 1983, lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda. Msewu ukakhala wopanda zopinga, mphindi 40 zimamukwanira. Koma msika wa fodya ukatsegulidwa, cha mu Epulo, mathiraki a mabelo amadzaza ku Kanengo, ndipo wanzeru amawonjezera theka la ola. Pabwalo ayenera kufika kutatsala ola lathunthu kapena kuposerapo, chifukwa kauntala yolembetsera imatsekedwa ndege isanayambe kukweza anthu, ndipo ikatsekedwa, kudandaula sikuthandiza. Akatera ku Chileka adikire chikwama, kenako ayende makilomita pafupifupi 16 kudzera pa Kameza, Chirimba ndi Magalasi kuti alowe m'tauni. Ngati akupita ku Limbe, ndiye kuti mzinda wonse awudutse kaye. Zonse pamodzi ndi maola atatu ndi theka, mwinanso anayi.

Basi yamakono, monga za AXA kapena Sososo, imayenda makilomita opitirira 300 a msewu wa M1 m'maola anayi ndi theka kapena asanu, n'kumutsitsa m'tauni mwenimweni. Kusiyana kwake ndi theka la ola mpaka ola ndi theka, osati anayi monga mmene tikiti imaonetsera.

Ndiye pali anthu amene ndege siwathandiza konse. Wokhala ku Area 36 kapena ku Biwi ali kale pakhomo la msewu wa ku Dedza. Kuti akakwere ndege ayenera kuboola mzinda wonse kulowera kumpoto, kutalikira Blantyre yemweyo amene akumufuna, ndipo pofika nthawi yoti amange lamba, mnzake wa galimoto amakhala atalipira kale pa geti la msonkho wa msewu la Kalinyeke n'kuyamba kutsetsereka kulinga ku Ntcheu. Wamalonda wonyamula katundu wambiri nayenso ndege simuyenera. Ndipo amene analonjeza kunyumba thumba la kachewere wa pa Tsangano kapena kabichi wa pa Lizulu aziyenda pansi basi, popeza m'mwamba mulibe msika.

Pamene ndege imaonetsa mphamvu zake ndi paulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Kuchita zimenezi pagalimoto ndi maola 9 kapena 10 pa chiwongolero, ndipo chigawo chomaliza chimagwera usiku, pamene njinga zopanda magetsi, ngolo, mbuzi ndi mathiraki ofera pamsewu zimaoneka mochedwa. Aliyense amene anayendapo pakati pa Chingeni ndi Zalewa mdima utagwa amadziwa mmene maso amalemerera pamenepo. Apa nkhani si ola lopulumutsidwa lokha, koma munthu kufika pamsonkhano mutu uli bwino, n'kukagona kwawo wamoyo. Chimodzimodzi wodwala amene msana wake sungapirire mabampu, ndi gogo amene akukaona zidzukulu. Kwa otere mtengo wa tikiti uli ndi chifukwa chomveka, ndipo mabwana amene amatuma antchito awo pagalimoto m'bandakucha n'kuwayembekezera kuti abwerenso usiku womwewo ayenera kuiganizira bwino nkhaniyi.

Amene amauluka njirayi ndi a Malawi Airlines, kampani imene inabadwa Air Malawi itagwa ndi ngongole mu 2013. Boma lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse, Ethiopian Airlines 49, ndipo ulendo wawo woyamba, mu Januwale 2014, unali wa pakati pa mizinda iwiri yomweyi. Pali chinthu chimodzi chokhudza ndandanda yawo chimene apaulendo ambiri sachilabadira: kawirikawiri ulendo wa Lilongwe ndi Blantyre umakhala chidutswa chabe cha ulendo wautali. Ndege yomweyo imapitirira ku Johannesburg, kapena ikuchokera kunja n'kungodzera ku Chileka. Choncho nthawi zake zinakonzedwa poyang'ana maulendo akunjawo, osati msonkhano wa 9 koloko pa Victoria Avenue, ndipo sizifanana tsiku lililonse. Wokonza ulendo ayambe waona ndandanda ya tsiku lenilenilo, kenako n'kugwirizana ndi anzake za nthawi yokumana. Ambiri amachita mozondoka: amalonjeza kaye nthawi, n'kupeza kuti ndege ya tsikulo imafika msonkhano utatha.

Chifukwa chomwecho, ndege ya m'mawa ndiyo yodalirika. Imakhala itagona pabwalo, pamene ya madzulo imabwera itasenza kuchedwa konse kumene yatola kunja. Nyengo nayo imakondera m'mawa: kuyambira Novembala mpaka Epulo mitambo ya mabingu imakonda kuunjikana masana. Mu Juni ndi Julaye vuto limasanduka chiperoni, nkhungu ndi mawawa zimene zimaphimba Blantyre, ndipo wokhala ndi mlandu kukhoti kapena mayeso a ntchito m'miyezi imeneyi angachite bwino kupita dzulo lake.

Ena amagwa mphwayi akaona kuti ndege yowanyamula ndi ya mapulopela, poganiza kuti ndi yachikale. Ndege imeneyi, Q400, ndi yopangidwa ku Canada, ya mipando yosakwana 80, yothamanga makilomita oposa 600 pa ola. Pamtunda waufupi chonchi Boeing 737 siisiya patali, chifukwa ikangomaliza kukwera imayambanso kutsika, itamwa mafuta ochuluka. Chofunika kukumbukira n'chakuti malo oika zikwama pamwamba pa mipando ya Q400 ndi ang'ono, ndiye chikwama chamanja chikhale chochepa. Mpeni, lumo ndi sizasi zipite m'chikwama chachikulu, pamene batire yapadera yotchajira foni iyenera kukhala m'manja, popeza mabatire otere saloledwa kumalo a katundu. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika kapena pasipoti. Wogulira tikiti amayi ake asalembe dzina limene amawaitanira kumudzi, ndipo mayi wokwatiwa aone ngati chiphaso chake chili ndi dzina la bambo ake kapena la amuna ake.

Wopita kummwera akapeza mpata apemphe mpando wa pawindo kumanzere. Kukacha bwino, mbali imeneyo ndi imene kuli phiri la Dedza, kenako Zomba chapatali, ndege isanawoloke Shire n'kuyamba kutsikira kumunsi kwa Michiru. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umabisa zambiri mwa izi.

Mtengo ndiye umapweteka. Mafuta a ndege, zipangizo ndi inshuwalansi zimalipiridwa m'madola, choncho kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, panalibe njira yoti matikiti akhale pomwe anali. Mipando ya m'ndege imodzi simagulitsidwa pamtengo umodzi: yotsika mtengo imayamba kutha, ndipo wogula kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke amapeza yodula yokhayokha. Koma tikiti yotchipa imabwera ndi malamulo ake. Kusintha tsiku kumakhala ndi chindapusa, ndipo ina sabweza ndalama. Wopita kumaliro kapena kumlandu umene ungathe kuimitsidwa afunse za zimenezi asanalipire. Pamwamba pake awonjezere takisi, maulendo anayi ngati akupita n'kubwera, ndipo mtengo wake agwirizane ndi dalaivala asanaike chikwama m'buti. Pa nthawi ya mizere ya mafuta, kupangana ndi woyendetsa wodziwika dzulo lake kumapulumutsa ulendo wonse.

Wa ku Blantyre amene akukakwera ndege yopita kunja pa Kamuzu ali ndi nkhani ina yapadera. Ngati maulendo onse ali pa tikiti imodzi, ndege yoyamba ikachedwa, kampani ndiyo imamufunira mpando wina. Akagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, ndege ya ku Addis Ababa kapena Nairobi ikamusiya, mlandu ndi wake, ndipo tikiti yatsopano aigula yekha. Amene wasankhabe njira yachiwiriyi asiye mpata wa maola angapo pakati, atenge chikwama chake n'kuchilembetsanso, kapena angogona ku Lilongwe usiku umodzi.