Makombo a m'nyumba mwathu

Kuwerenga: Yohane 6:1-13

Aliyense amene anaimapo pamlatho wa Likangala mumzinda wa Zomba mvula yoyamba itangogwa akudziwa zimene madziwo amasenza: majumbo, nsapato, zigubu, nsanza. Katundu yenseyu amalowera kunyanja ya Chilwa, komwe kumachokera matemba a pambale yathu. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma palibe lamulo loletsa munthu kutaya malaya abwinobwino amene angomuthina.

Yohane akutiuza kuti Yesu atadyetsa amuna 5,000, analamula ophunzira ake kutolera makombo, ndipo anadzaza mitanga 12. Iye amene akanatha kuchulukitsanso mkate mawa lake sanalole kuti wotsalawo uwonongeke.

Ndivomere tchimo langa. Posamuka pampingo wina, tinapeza m'chipinda mbaula ziwiri, mayunifolomu a ana amene tsopano ali pabanja, ndi mabuku a sekondale odzaza katoni. Mayi a kunyumba anati tigawe. Ine, poopa kuti akhristu anena kuti abusa akutitayira zakutha, ndinatentha zambiri kudzala. Sabata yomweyo ndinamva kuti mwana wa msungichuma wathu wabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu.

N'chifukwa chake ndikupempha mipingo ya muno m'Zomba kuti ikhazikitse tsiku losinthana katundu. Likhale Loweruka limodzi pa miyezi itatu iliyonse, makamaka sukulu zikatsala pang'ono kutsegulidwa, ndipo ndalama isaonekepo. Amayi a Mvano ayale mphasa pabwalo la tchalitchi. Wa ku Matawale abwere ndi poto amene sakuphikiranso, wa ku Chinamwali abwere ndi nsapato zimene mwana wazikula. Mlimi wotsika kuphiri, amene alibe chovala chapadera, abwere ndi kachewere kapena mtolo wa masamba, achoke ndi juzi ya mwezi wa June.

Wina anena kuti bwanji osangopereka kwaulere. Kupereka n'kwabwino, koma tonse tikudziwa manyazi a munthu woitanidwa kutsogolo kuti alandire, mpingo wonse ukuwomba m'manja. Posinthana, mphunzitsi wa kuyunivesite ndi mayi wogulitsa makala onse amafika atanyamula kanthu, onse amabwerera atanyamula kanthu. Paulo, pa 2 Akorinto 8:13-14, ankafuna zoterezi: kuti zochuluka za wina zikwaniritse kusowa kwa mnzake, podziwa kuti mawa zinthu zikhoza kutembenuka.

Chopinga chachikulu, chimene sitichitchula paguwa, ndi mantha. Akhristu ambiri amatentha chovala poopa kuti mnansi achitengera kwa sing'anga. Ena sangavale cha mnzawo, ati mwina anachikhwimira. Komatu anthu omwewa amathamangira kaunjika belo likangotsegulidwa, n'kuvala jekete la munthu wa kutsidya kwa nyanja amene sakumudziwa dzina, chipembedzo, ngakhale matenda amene anadwala. Mlendo timamukhulupirira, koma amene timamwera naye chikho chimodzi pa Mgonero timamukayikira. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu March 2023, tinasonkha zovala m'matchalitchi, ndipo sindinamve aliyense, wopereka kapena wolandira, akufunsa za ufiti. Kodi tidikire tsoka lina kuti tikhulupirirane?

Chenjezo langa n'lakuti bwalo la tchalitchi lisasanduke dzala. Mneneri Malaki anadzudzula ansembe opereka nsembe nyama zakhungu ndi zotsimphina. Nsapato ya phazi limodzi ndi wailesi yakufa zitsale kunyumba. Chovala chichapidwe, batani lisokedwe. Madikoni awiri akhale pakhomo kuyendera katundu, ndipo wa abusa ayambe ndiye kuyenderedwa. Zotsala madzulo, achinyamata azimange bwino, Lolemba akazitule kundende ya Zomba ndi kuchipatala cha odwala matenda a maganizo.