Musatinamize, Si Chimbale Chilichonse Chili ndi Msana

Pali mawu ena amene akagwera m'kamwa mwa otsatsa malonda amasuluka ngati chitenje chotsika mtengo. Amodzi mwa mawu oterewa ndi aja Angerezi amati concept album. Masiku ano woyimba akangovala chipewa chachilendo pa chikuto, kapena akangoika munthu wolankhula pakati pa nyimbo ziwiri, basi kampani yake yalengeza kale kuti watulutsa concept album. Olemba nkhani za zoyimbayimba nawo, anzanga omwewa, amangowomba m'manja ngati ana a sukulu polandira nduna. Ine ndakana. Ndipo poti tsamba lino amawerenga ndi anthu odziwa kusiyana kwa buku la nkhani imodzi ndi mulu wa mapepala omangidwa ndi mphira, ndikufuna tikambirane mosanyengererana.

Muyeso wanga ndi umodzi, ndipo aliyense angauyese kunyumba kwake. Tengani chimbale chimene akuchitamacho, muchotsemo nyimbo imodzi ya pakati. Zotsalazo muzisokoneze, yomaliza ikhale yachitatu, yoyamba ikhale yachisanu. Tsopano mvetserani. Ngati palibe chathyoka, ngati kukoma kwake kuli chimodzimodzi, ndiye kuti muli ndi thumba la nyimbo zabwino, ndipo pamenepo palibe mlandu. Koma mukamva kuti china chake chapunduka, kuti nyimbo iyi ikulira chifukwa mnzake wamuchotsa, dziwani kuti chimbalecho chili ndi msana. Lichero ndi mtolo wa nsungwi zonse ndi nsungwi, koma tasololani kansungwi kamodzi pa lichero tione ngati mupetanso.

Luso limeneli linabwera ndi makina. Mbale zakale za galamafoni, zija zozungulira ka 78 pa mphindi, zinkangonyamula mphindi zitatu kapena zinayi mbali imodzi. Mu 1948 kampani ya Columbia ku America inatulutsa mbale yozungulira pang'onopang'ono, yotha kunyamula mphindi zoposa 20 mbali iliyonse. Apa m'pamene woyimba anapeza bwalo loti ayalepo ganizo lalitali. Frank Sinatra anachita zimenezi mu 1955 ndi In the Wee Small Hours, chimbale chimene nyimbo zake zonse ndi za munthu wosiyidwa, ali maso pakati pa usiku. Oyimba rock anafika mochedwa, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma atafika anachita ngati bwalolo analambula ndi iwo.

Tsono tiyambe ndi ng'ombe yaikulu imene ambiri amaopa kuigwira nyanga. Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, chimbale cha The Beatles cha 1967, amachitcha kholo la ma concept album onse. Zoona zimenezo? Paul McCartney anali ndi ganizo loti gululo lidzisandutse gulu lina lopeka, lovala mayunifolomu owala. Ganizolo mulimva m'nyimbo yoyamba, mulimvanso polowa yachiwiri, kenaka zii, mpaka nyimbo yoyamba ija itabwerezedwa cha kumapeto. Pakati ponsepo pali chiyani? Nyimbo ina John Lennon anaitenga pa chikwangwani chakale cholengeza za masewero a zisudzo, ina inachokera m'nyuzipepala, ina pa wailesi ya kanema pamene ankatsatsa chakudya cha m'mawa. Lennon mwini wake, pocheza ndi mtolankhani mu 1980, miyezi yochepa asanaphedwe, ananena poyera kuti nyimbo zakezo zinalibe chochita ndi gulu lopekalo. Ndiponso nyimbo ziwiri zimene anazijambula koyambirira kwa ntchitoyo, Strawberry Fields Forever ndi Penny Lane, anazichotsa n'kukazigulitsa padera, chimbale osamva kuwawa kulikonse. Ndi chimbale chachikulu, sindikutsutsa. Koma msana wake uli pa chikuto.

David Bowie naye ndimuika pakati. The Rise and Fall of Ziggy Stardust and the Spiders from Mars, cha 1972, chimayamba ndi dziko lotsala ndi zaka zisanu kuti lithe, n'kumaliza ndi kugwa kwa woyimba amene anadziyesa mpulumutsi. Mutu ndi mchira zilipo. Koma nyimbo yotchuka ija, Starman, inalowa pomaliza chifukwa a kampani ya RCA ankafuna nyimbo yogulitsika pa wailesi, ndipo inalowa m'malo mwa nyimbo ya Chuck Berry imene Bowie anangoibwereza. Nthano yanji imene pakati pake mungachotsepo Chuck Berry n'kuikapo munthu wochokera ku nyenyezi, omvera osazindikira? Ziggy anali wamoyo pa nsanja kuposa pa mbale, n'chifukwa chake Bowie anamupherako pa nsanja pomwepo, ku Hammersmith Odeon mu London, pa 3 Julaye 1973.

Ena mudzati: ndiye kuti iwe ukufuna nthano, yokhala ndi padangokhala ndi mapeto ake? Ayi ndithu. Chimbale chimene ine ndimachiika patsogolo pa zonse chilibe mwininkhani, chilibe dzina la munthu ngakhale limodzi. The Dark Side of the Moon, cha Pink Floyd, chinatuluka mu Malichi 1973. Chimayamba ndi kugunda kwa mtima, chimatha ndi kugunda kwa mtima, ndipo pakatipo, m'mphindi pafupifupi 43, chimawerenga chimodzichimodzi zinthu zimene zimapenga nazo munthu: kuthamangathamanga, nthawi yotha osaidziwa, imfa, ndalama, nkhondo, misala. Nyimbo za mbali iliyonse zimalowana popanda mpata. Mawotchi akamalira, mwangotuluka kumene m'liwiro la munthu wothamangira ndege. Nyimbo ya nthawi ikatha, mayi wina dzina lake Clare Torry amalira popanda liwu limodzi lomveka, ndipo mbali yoyamba imathera pa maliro amenewo. Mukatembenuza mbale, chokulonjerani ndi kulira kwa makobidi. Imfa, kenaka ndalama. Amene anaonapo abale akukanganirana katundu mtembo usanazizire sangafunse chifukwa chake nyimbozi zinatsatana chonchi. Gululo linayamba kuyimba ntchito yonseyi pa nsanja kumayambiriro kwa 1972, chaka chathunthu isanatuluke, ndiye inaumbidwa ngati chinthu chimodzi kuyambira pachiyambi. Tasokonezani nyimbo zake mumve m'mene zimagwera.

Nthano payokha sikwaniranso. The Who anatulutsa Tommy mu 1969, nkhani ya mwana amene anasiya kumva, kuona ndi kulankhula ataona kuphedwa kwa munthu m'nyumba mwawo. Anthu amachitama kwambiri. Koma dziwani kuti luso la mwanayo pa masewero a pinball, limene lero limaoneka ngati mtima wa nkhaniyo, Pete Townshend analiwonjezera mochedwa pofuna kukondweretsa mtolankhani Nik Cohn, amene ankakonda masewerowo ndipo sanatengeke mtima atamva chimbalecho koyamba. Nkhani imene ungaipinde kuti mtolankhani amwetulire, msana wake ngwa mphira. Ntchito yeniyeni ya Townshend ndi Quadrophenia, ya 1973. Jimmy ndi mnyamata wa ku London wa m'zaka za m'ma 1960, wa m'gulu la achinyamata otchedwa mods: suti yothina, njinga yamoto, mapiritsi, ndewu za ku gombe la Brighton. Makolo amuthamangitsa, chibwenzi chamukana, ndipo atabwerera ku Brighton akupeza mnyamata amene ankamupembedza uja akunyamula masutikesi a alendo pa hotela. Chimene chimamanga chimbalechi n'chakuti Townshend analemba timaimbidwe tinayi, kamodzi ka khalidwe lililonse la Jimmy, ndiponso ka membala aliyense wa gululo. Timaimbidweti timapita, timabwera, timasintha nkhope, mpaka cha kumapeto tonse tinayi tikukumana, mnyamatayo ali yekha pa thanthwe pakati pa nyanja, mvula ikugwa. Apa nkhani ili m'zoyimbira momwe, ngakhale wosamva Chingerezi angaitsate.

Ndikudziwa pamene munditchere msampha. Mudzati: nanga The Wall, cha Pink Floyd cha 1979? Kodi gawo lachiwiri la Another Brick in the Wall silinayende lokha dziko lonse? Linayendadi. Mu 1980 ana a sukulu ku South Africa, amene ankanyanyala maphunziro a tsankho, anaitenga nyimboyi kukhala yawo, ndipo boma la azungu linailetsa pamodzi ndi chimbale chake. Koma muyeso wanga sukufunsa ngati nyimbo ingakhale moyo kunja kwa chimbale. Ukufunsa ngati chimbale chingakhale moyo nyimboyo itachoka. Mu The Wall mphunzitsi wankhanza ndi njerwa imodzi chabe. Ina ndi bambo wofera ku nkhondo, monga anafera bambo ake a Roger Waters ku Italy mu 1944. Ina ndi mayi wofungatira mopyola muyeso, ina ndi banja losweka. Woyimba wotchedwa Pink amatola njerwa zimenezi n'kudzimangira khoma, ndipo lili mkati amasanduka wolamulira wankhanza mwini wake, mpaka adzizenga mlandu. Waters analemba zimenezi atalavulira malovu munthu wina woonerera ku Montreal mu 1977, n'kudziopa yekha. Amene anangomva nyimbo imodziyo amaganiza kuti wolakwa ndi mphunzitsi basi. Amene anamva nyimbo zonse 26 amadziwa kuti wozunzidwa dzulo akhoza kukhala wozunza mawa, ndipo phunziro limenelo silingalowe m'mphindi zitatu. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Palinso gulu lina, la otsutsa luso lonseli. Iwo amati concept album ndi matama a anyamata a ku koleji odziyesa anzeru, ndipo rock yeniyeni ndi mphindi zitatu za thukuta. Umboni ali nawo. Gulu la Yes linatulutsa Tales from Topographic Oceans mu 1973, nyimbo zinayi pa mbali zinayi za mbale, ndipo woyimba kiyibodi wawo, Rick Wakeman, anatopa nacho mpaka anachoka m'gululo chaka chotsatira. Ian Anderson wa Jethro Tull anakwiya atolankhani atatcha Aqualung ya 1971 concept album, ndipo mu 1972 anawabwezera ndi Thick as a Brick: nyimbo imodzi yodzaza mbali zonse ziwiri, chikuto chake nyuzipepala yopeka, mawu ake eti analemba ndi mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene kunalibe. Chinali chipongwe, koma chinafika pa nambala wani ku America. Tsono ndifunse: mlakatuli wina akalemba ndakatulo yaitali yotopetsa, tilamule kuti ndakatulo zonse zikhale za mizere inayi? Ngakhale ana a punk, amene anabwera mu 1976 ndi 1977 kudzagwetsa matama amenewa, atakula anabwerera pa chitsime chomwecho. Hüsker Dü anatulutsa Zen Arcade mu 1984, nkhani ya mnyamata wothawa kwawo, ndipo Green Day anatulutsa American Idiot mu 2004. Munthu akakhala ndi zambiri zoti anene, mphindi zitatu zimamuthina.

Mwina mukuti, mkanganowu ngwa chiyani, si dzina chabe? Abale anga, dzinali likasuluka, chimene chitayike ndi khutu. Lero nyimbo timamvera pa foni, makina akutisankhira, iyi pang'ono, iyo pang'ono, chala chili chire kudumpha nyimbo isanafike pakati. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Oyimba ena anaona ngoziyi. Mu Malichi 2010 Pink Floyd anapambana mlandu ku khoti lalikulu ku London, woweruza atagamula kuti kampani ya EMI isagulitse nyimbo zawo imodziimodzi pa intaneti popanda chilolezo chawo. Koma mu Januwale 2011 eni ake omwewo anasayina pangano latsopano lolola zomwezo. Amene anayimba za kuipa kwa ndalama aja! Mu Novembala 2021 zinatengera Adele, amene sayimba n'komwe rock, kupempha Spotify kuti munthu akatsegula chimbale nyimbo zizilira motsatana m'mene mwini wake anaziyalira. Tafika poti woyimba azichita kupempha kuti buku lake liwerengedwe kuyambira tsamba loyamba.

Ndiye kwa anzanga olemba za nyimbo ndikuti: musanalembe mawu awiri aja, yesani muyesowo. Ngati chimbale chapirira kusokonezedwa, chitameni monga thumba la nyimbo zabwino, ulemu umenewo ngwokwanira. Zanga zitatu ndatchula, ndipo ndaziika motere: The Dark Side of the Moon, Quadrophenia, The Wall. Amene akuona kuti Sgt. Pepper ndamulakwira, kapena ali ndi china choposa izi, alembe kalata kwa mkonzi, koma atiuze nyimbo imene ataichotsa chimbale chakecho chinagwa. Kwa ena nonse pempho langa ndi laling'ono: madzulo ano pezani mphindi 43, foni muyiike chafufumimba, chala chikhale m'thumba, mumvere kuyambira kugunda koyamba kwa mtima mpaka komaliza.