Diso lopsa ndi moto wowotcherera lisathiridwe zapakhomo

Ku Kapata, mumzinda wa Chipata, ndi m'mphepete mwa msewu wa Great East muli anyamata ambiri owotcherera mageti, mawindo ndi mbaula. Ambiri amavala magalasi a dzuwa, ena amangotsinzina moto ukathetheka. Kuwala kumeneku kuli ndi cheza cha ultraviolet chomwe chimawotcha kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso. Ululu wake subwera pomwepo. Umayamba pakadutsa maola 6 mpaka 12, kawirikawiri usiku: maso amafiira, misozi siileka, munthu amamva ngati m'maso mwalowa mchenga, ndipo ngakhale nyali imamupweteka. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa pothira m'maso mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena masamba osinja. Diso lotere lisathiridwe chilichonse mpaka litaonedwa kuchipatala.

Ena adzati vutoli limatha lokha, nanga kutayiranji tsiku la ntchito pamzere? N'zoona kuti kakhunguko kamapola pakati pa tsiku limodzi ndi masiku 3. Koma ululu womwewo umabweranso ndi kachitsulo kothothoka pa galainda, kamene kamachita dzimbiri m'diso pa maola ochepa chabe. Wodwalayo sangasiyanitse ziwirizi, koma dokotala amatha, pothira mankhwala achikasu oonetsa bala n'kuunika. Komanso diso lopsa ndi bala lotseguka. Zothira zapakhomo zimalowetsamo tizilombo, balalo n'kusanduka chilonda chosiya chipsera choyera chimene sichichoka. Podikira kuti kuche, munthu aike kansalu koyera konyowetsa ndi madzi ozizira pazikope, akhale mumdima, amwe panado, ndipo asatikite maso. M'mawa apite kukiliniki, ku Chipata Central Hospital kapena kuchipatala cha Mwami komwe kuli madokotala a maso. Kumeneko amapereka mafuta a tetracycline oteteza bala. Asaumirire kutenga mankhwala ochititsa dzanzi m'diso, chifukwa kuwagwiritsa ntchito mobwerezabwereza kumachedwetsa kupola.

Udindo waukulu uli pa eni ake a malo owotchererawa. Lamulo la Occupational Health and Safety Act limawalamula kuteteza antchito awo, ndipo magalasi a dzuwa sanapangidwire moto umenewu. Chigoba chenicheni chowotcherera chimafunika kwa mmisiri komanso kwa mnyamata wogwirizira chitsulo, amene nthawi zambiri ndiye amapsa. Bwana amene ali ndi ndalama yogulira makina sangalephere kugula chigoba chachiwiri, ndipo wantchito wake akapsa maso, amupititse kuchipatala tsiku lomwelo.