Mawu a Mkonzi: Mwana wobadwira ku Cape Town asasowe dziko

Ife a kuno kum'mawa kwa Zambia ulendo wa ku Joni sitinauyambe lero. Masiku ano ana athu a ku Chipata, Katete ndi Petauke akufika mpaka ku Cape Town, ndipo ena akuberekera komweko. Kodi adzukulu amenewa ndi nzika za dziko liti?

Kubadwira ku South Africa pakokha sikupatsa mwana unzika. Lamulo la kumeneko limati mwana wa alendo amene wakulira m'dzikomo angathe kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, koma kubadwa kwake kukhale kuti kunalembetsedwa. Achinyamata asanu amene unduna wa Home Affairs unkawakaniza mwayi umenewu anapambana mlandu kukhoti lalikulu la ku Cape Town mu 2017, ndipo khoti la apilo linavomereza chigamulocho mu 2018. Chimodzi mwa zimene anaimirapo n'chakuti mayina awo anali m'kaundula.

Amene sanalembetsedwe amavutika kupeza ntchito yolongosoka, kutsegula akaunti ku banki, ngakhale kumanga ukwati wa kuboma. Akabwera kuno kudzatenga reji, nyakwawa samudziwa, umboni alibe. Uku ndi mlendo, uko ndi mlendo.

Malamulo oteteza anthu otere alipo. Pangano la United Nations la 1954 limawapatsa ufulu wa maphunziro, ntchito ndi ziphaso. La 1961 limati mwana amene akanasowa unzika aupeze m'dziko limene wabadwira. South Africa sinalowe m'mapangano awiriwa, pamene Zambia inalowa la 1954 lokha. Tikupempha boma lathu kuti lilowenso la 1961, ndipo ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria izifikira anthu athu a ku Cape Town, chifukwa mtundawo ndi wautali.

Malamulo a dziko lathu amati mwana wobadwira kunja ndi nzika ya Zambia ngati kholo limodzi ndi nzika. Koma ufulu umenewu umafuna pepala. Makolo ena amaopa kupita kukalembetsa poti ziphaso zawo zinatha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bungwe la Scalabrini Centre ku Cape Town limathandiza alendo pa nkhani za mapepala, apite akafunse.

Nanunso agogo ndi amalume, mukaimba foni musangofunsa za ndalama za feteleza. Funsani ngati mwanayo ali ndi setifiketi ya kubadwa, ndipo musatope kufunsa mpaka itapezeka.