Agogo obisa moyo wawo m'nyumba za okalamba ku UK: wosamalira wa Chisilamu atani?

Kuyambira mu February 2022, pomwe boma la UK lidalola osamalira okalamba ochokera kunja kupeza viza, Amalawi ambiri, Asilamu omwe, adalowa ntchitoyi. Pakati pa agogo omwe amawasambitsa ndi kuwadyetsa pali ena omwe ndi amuna kapena akazi okondana okhaokha, ndipo ambiri mwa iwo amalowa m'nyumba zosamalira okalamba ali ndi mantha.

Manthawa ali ndi mbiri yake. Ku England ndi Wales, kugonana kwa amuna okhaokha udali mlandu mpaka 1967, ndipo ku Northern Ireland mpaka 1982. Gogo wa zaka 85 lero adakula akudziwa kuti akadziwika atha kumangidwa, kuchotsedwa ntchito kapena kukanidwa ndi abale. Kafukufuku wa bungwe la Stonewall wa 2011 adapeza kuti okalamba otere, poyerekeza ndi anzawo, ambiri amakhala okha ndipo alibe ana. Choncho thupi likafooka amadalira manja a anthu achilendo.

Zikatero ena amabwerera kobisala. Amachotsa zithunzi pakhoma, ndipo munthu yemwe akhala naye zaka zambiri amangomutchula kuti mnzawo. Vuto lake nlakuti osamalira sadziwa woti amuimbire foni gogoyo akadwalika, kapena woti amufunse gogoyo akayamba kuiwalaiwala. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe bungwe la Tonic Housing lidatsegulira malo okhala okalamba otere ku Vauxhall, mumzinda wa London, mu 2021.

Lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa kusala munthu pa chisamaliro chifukwa cha amene amamukonda, ndipo ku England bungwe la Care Quality Commission limayendera nyumbazi. Wantchito wopezeka akunyoza kapena kunyalanyaza gogo atha kuchotsedwa, ndipo poti viza imamangirika kwa bwana, ntchito ikatha chilolezo chokhalira m'dzikomo chimakhalanso pachiswe.

Koma Msilamu asamachite bwino poopa viza yokha. Chiphunzitso cha Chisilamu pa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha n'chodziwika, ndipo kusambitsa munthu wodwala sikuchisintha. Chipembedzo chomwecho, mu Surah Al-Hujurat, chimaletsa kunyoza, kufufuza zobisika za anthu ndi miseche. Gogo yemwe sangathe kudzitembenuza pabedi ndi amaanah kwa womusamalira, ndipo malipiro amakhala halaal pamene ntchito yagwiridwa mokwanira kwa aliyense.

Choncho, abale ndi alongo, lonjerani mlendo wa gogo mwaulemu, sungani zomwe mwaona m'chipinda chake, ndipo mukaona wantchito mnzanu akumuchedwetsera mankhwala kapena chakudya mwadala, kanene kwa akuluakulu. Allah adzakufunsani za mmene mudamusamalirira munthu yemwe adaikidwa m'manja mwanu.